Kuwerenga Mapu: Mawu Ofunika Pofotokoza Malo Athu

Munthu wa kwathu kuno akafunsidwa njira sasowa choyankha. Amangoti, "Mukawoloka dambo mukhotere kumanja, mukapeza mtengo wa kachere pali mjigo, ndi pomwepo." Kalondoleredwe kotere kamathandiza anthu amene anakulira dera limodzi. Koma sikakwanira kwa dalaivala wa ambulansi amene akufunafuna wodwala usiku, kwa wansembe amene wangofika kumene pa parishi, kapena kwa woweruza mlandu wa munda amene wagwira pepala lokha m'manja. Mtengo umadulidwa, mjigo umawonongeka, ndipo dambo limene linali lodzaza madzi mu Febuluwale limakhala louma mu Okutobala.

Ngakhale dzina la malo palokha likhoza kusokeretsa. Tili ndi Chileka wa ku Blantyre kumene kuli bwalo la ndege, tilinso ndi Chileka wa kuno ku Lilongwe kufupi ndi Namitete. N'chifukwa chake pali mawu amene anthu a m'mayiko onse anagwirizana kuti azigwiritsa ntchito pofotokoza malo. Mawuwa ndi ochepa, ndipo sachita kulira maphunziro apamwamba. Tiwafotokoza pano potengera madera a kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, monga Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma.

Mapu ndi chiyani?

Mapu ndi chithunzi cha dziko monga momwe lingaonekere kwa mbalame youluka m'mwamba, chojambulidwa mochepetsa kuti chikwane pa pepala. Popeza sizingatheke kujambula chilichonse, wolemba mapu amasankha zimene akufuna kuonetsa. Mapu ena amaonetsa misewu, ena malire a mafumu, ena mitsinje ndi mapiri, ena minda ya anthu.

Choncho choyamba kuwerenga pa mapu ndi mutu wake komanso chaka chimene anapangidwa. Mapu amakalamba. Njanji yochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji inatha kumangidwa mu 1980, kotero mapu opangidwa zaka za m'ma 1960 sangaionetse. Momwemonso midzi imakula, ina imagawikana, ndipo misewu ya fumbi imathiridwa phula. Mukaona kuti mudzi wanu palibe pa mapu, yang'anani kaye chaka musanaganize kuti wina wakuchotsani mwadala.

Mbali zinayi za dziko

Mbali zikuluzikulu za dziko ndi zinayi: kumpoto, kummwera, kum'mawa ndi kumadzulo. Makolo athu ankazidziwa bwino. Kum'mawa ankati kuvuma, kumadzulo ankati kuzambwe, ndipo mayina a kumpoto ndi kummwera ndi omwe aja a mphepo za mpoto ndi mwera. Mwera ndi mphepo yozizira ija imaomba m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Mukaimirira n'kuyang'ana kotulukira dzuwa, kumpoto kumakhala kudzanja lanu lamanzere, kummwera kudzanja lamanja, ndipo kumadzulo kumakhala kumbuyo kwanu.

Pa mapu ambiri kumpoto kumakhala kumtunda kwa pepala, kummwera kumunsi, kum'mawa kumanja, ndipo kumadzulo kumanzere. Kawirikawiri pamakhala kamuvi kolembedwa chilembo cha N koloza kumpoto. Zilembo zina ndi S kuimira kummwera, E kum'mawa ndi W kumadzulo. Pakati pa mbali zinayizi pali zinanso zinayi, zimene timazitchula pophatikiza mayina: kumpoto chakum'mawa, kumpoto chakumadzulo, kummwera chakum'mawa ndi kummwera chakumadzulo.

Tikaimirira mu mzinda wa Lilongwe, msewu wa M12 umalowera kumadzulo. Umadutsa ku Chitedze, Mpingu, Msundwe ndi Namitete mpaka ku Mchinji ndi kumalire a dziko la Zambia. Nsaru, Kabudula ndi Nambuma ali kumpoto chakumadzulo kwa mzindawu, pamene mapiri a Dzalanyama ali kummwera chakumadzulo. Koma tikumbukire kuti mbali imatengera pamene munthu waima. Kwa munthu wa mu mzinda, Mpingu ali kumadzulo. Kwa munthu wa ku Namitete, Mpingu yemweyo ali kum'mawa. Choncho ponena mbali tiyenera kutchulanso malo amene tikuyambira.

Ubwino wa mawuwa ndi woti sasintha munthu akatembenuka. Mawu oti "kumanja kwa msewu" amatanthauza mbali ziwiri zosiyana kwa wopita ku Mchinji ndi wochokera ku Mchinji. Koma "kumpoto kwa msewu" ndi kumodzi kwa onse awiri.

Podalira dzuwa pafunika kusamala pang'ono. Dzuwa limatulukira kum'mawa kwenikweni kawiri kokha pa chaka, cha pa 21 Malichi ndi cha pa 23 Seputembala. Mu Juni limatulukira kum'mawa chakumpoto, ndipo mu Disembala limatulukira kum'mawa chakummwera. Kuno ku Lilongwe dzuwa limadutsa paliwombo penipeni chakumapeto kwa Okutobala komanso chapakati pa Febuluwale. Kuyambira kumapeto kwa Febuluwale mpaka mu Okutobala, dzuwa la masana limapendekera kumpoto, kotero chithunzithunzi cha mtengo nthawi ya nkhomaliro chimaloza kummwera. Amene ali ndi kampasi, kachipangizo kamene singano yake imaloza kumpoto, savutika ndi zonsezi. Mafoni ambiri amakono alinso ndi kampasi.

Sikelo: pepala ndi mtunda weniweni

Sikelo imatiuza kuti dziko lachepetsedwa kangati kuti likwane pa pepala. Nthambi ya boma yoona za kuyeza malo inatulutsa mapu a dziko lino a sikelo ya 1:50,000 ndi ena a 1:250,000. Manambala a 1:50,000 amatanthauza kuti sentimita imodzi pa pepala ikuimira masentimita 50,000 pansi, omwe ndi mamita 500. Choncho masentimita awiri pa mapu otere ndi kilomita imodzi. Pa mapu a 1:250,000, sentimita imodzi imaimira makilomita awiri ndi theka.

Titenge chitsanzo. Malo ochitira kafukufuku wa zaulimi a Chitedze ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera mu mzinda. Pa mapu a 1:50,000 mtundawu umatenga masentimita 32, pamene pa mapu a 1:250,000 umangotenga masentimita 6 ndi pang'ono. Poyeza msewu wokhotakhota, yalani ulusi motsatira msewuwo, kenako muuwongole ndi kuuyeza pa rula kapena pa kamzere ka sikelo kamene kamakhala kumunsi kwa mapu. Mukayeza molunjika ndi rula yokha mupeza mtunda wa mbalame, umene nthawi zonse umakhala waufupi kuposa wa munthu woyenda pansi. Akuluakulu ambiri amawerengabe mtunda m'mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.6.

Sikelo imatiphunzitsanso chinthu china chofunika kwambiri kwa alimi. Hekitala imodzi ndi malo a mamita 100 m'litali ndi mamita 100 m'lifupi, pafupifupi maekala awiri ndi theka. Pa mapu a 1:50,000, hekitala yonseyo imangokhala kadontho ka mamilimita awiri uku ndi awiri uku. Mzere wa pensulo wonenepa milimita imodzi umaphimba mamita 50 a nthaka. Izi zikutanthauza kuti mapu otere sangaweruze mkangano wa mizere itatu ya chimanga pakati pa minda iwiri. Pa nkhani yotero pamafunika pulani ya munda weniweniwo, yojambulidwa ndi katswiri woyeza malo wovomerezeka ndi boma.

Kiyi: tanthauzo la zizindikiro

M'mphepete mwa mapu mumakhala kabokosi kotchedwa kiyi, kamene kamamasulira zizindikiro ndi mitundu yonse imene yagwiritsidwa ntchito. Mwachizolowezi mtundu wobiriwira ngati thambo umaimira madzi, wobiriwira ngati msipu umaimira nkhalango, wofiira umaimira misewu ikuluikulu, ndipo wakuda umaimira nyumba, njanji ndi mayina. Kamtanda kamaimira tchalitchi pa mapu ambiri, koma pa mapu ena kamaimira chipatala. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pa mapu, wofunsidwa ndi kiyi.

Misewu ya m'dziko muno ili ndi zilembo zake. Chilembo cha M chimaimira msewu waukulu monga M1 ndi M12, S chimaimira msewu wachiwiri pa ukulu, pamene T ndi D zimaimira misewu ing'onoing'ono ya m'maboma. Mphambano ndi pamene misewu yakumana, ndipo ndi malo abwino oyambirapo polondolera mlendo.

Pa mitsinje pali mawu atatu oyenera kuwadziwa. Gwero ndi pamene mtsinje wayambira, matsiriro ndi pamene wathera, ndipo mtsinje waung'ono wothira mu unzake waukulu timati nthambi yake. Mtsinje wa Lilongwe gwero lake lili m'mapiri a Dzalanyama. Umadutsa pa damu la Kamuzu ku Malingunde ndi mu mzinda, kenako umakathira mu Linthipe. Mtsinje wa Namitete ndi nthambi ya Bua, ndipo Bua amakathira m'nyanja ya Malawi m'boma la Nkhotakota. Choncho mvula yogwa m'boma limodzi la Lilongwe imafika kunyanja podzera njira ziwiri zotalikirana. Mtunda umene umagawa madzi motere, ena kupita uku ena uko, umaoneka pa mapu ngati mpata wopanda mizere ya madzi pakati pa timitsinje tothamangira mbali zosiyana.

Madambo nawonso ali ndi chizindikiro chawo, kawirikawiri timizere tooneka ngati udzu. Dera lathu lili ndi madambo ambiri, ndipo aliyense wokonza ulendo wa nthawi ya dzinja ayenera kuwaona bwino. Njira yooneka yachidule pa pepala ikhoza kukhala yosadutsika ndi galimoto kuyambira Januwale mpaka Malichi.

Kukwera ndi kutsika kwa malo

Pepala ndi lafulati, koma dziko lili ndi zitunda ndi zigwa. Pofuna kuonetsa zimenezi, olemba mapu amajambula timizere tofiirira totchedwa makontuwa. Mzere uliwonse umalumikiza malo onse amene ali pa msinkhu wofanana. Mlimi aliyense amene anaikapo akalozera m'munda mwake akudziwa kale nzeru imeneyi, pakuti kalozera amayenda mopingasa chitunda, osakwera kapena kutsika, kuti madzi asathamange ndi nthaka. Kontuwa ndi kalozera wa pa pepala.

Mizere ikathinana ndiye kuti malowo ndi otsetsereka kwambiri, monga ku Dzalanyama. Ikatalikirana ndiye kuti ndi chidikha, monga madera ambiri a Mpingu, Nsaru ndi Kabudula. Mizere yozungulira ngati mphete, ina mkati mwa inzake, imaonetsa phiri. Manambala olembedwa pa mizereyi amanena kukwera kwa malo kuchokera pa msinkhu wa nyanja ya mchere. Chitedze ali pa mamita pafupifupi 1,150, pamene madzi a nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 475. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti kwathu kuno kuzizizira kuposa ku Salima. Mapu ena akale analemba msinkhu m'mafiti, ndipo futi imodzi ndi masentimita pafupifupi 30.

Latichudi ndi longichudi

Mbali ndi mtunda zimafotokoza malo poyerekeza ndi malo ena. Koma palinso njira yopatsira malo aliwonse pa dziko lapansi manambala akeake. Akatswiri anajambula mizere yongoganizira yozungulira dziko. Mizere yopingasa, yochokera kum'mawa kupita kumadzulo, imatchedwa latichudi, ndipo imawerengedwa kuyambira pa ikweta, mzere umene umagawa dziko pakati n'kudutsa m'mayiko monga Kenya ndi Uganda. Mizere yochokera kumpoto kupita kummwera imatchedwa longichudi, ndipo imawerengedwa kuyambira pa mzere wodutsa ku Greenwich mu mzinda wa London, monga momwe mayiko anagwirizanirana pa msonkhano wa ku Washington mu 1884.

Mizereyi imayezedwa m'madigiri, ndipo digiri iliyonse imagawidwa m'maminiti 60. Dziko la Malawi lili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera kwa ikweta, komanso pafupifupi pakati pa madigiri 33 ndi 36 kum'mawa kwa Greenwich. Chitedze ali pa 13°59' S ndi 33°38' E. Msewu wochokera mu mzinda kupita ku Namitete umayenda kufupi kwambiri ndi mzere wa madigiri 14 kummwera. Digiri imodzi ya latichudi ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 111.

Longichudi imakhudzanso nthawi. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola limodzi, kutanthauza digiri imodzi pa mphindi zinayi. Popeza Salima ali kum'mawa kwa Namitete ndi digiri imodzi ndi pang'ono, dzuwa limafika pakati pa thambo ku Salima mphindi pafupifupi zinayi lisanatero ku Namitete, ngakhale mawotchi onse amanena nthawi imodzi.

Masiku ano foni yokhala ndi GPS imapereka manambalawa mosavuta, ndipo munthu angathe kutumiza malo amene waima kudzera pa WhatsApp. Foni imalemba manambala a Chitedze motere: -13.98, 33.63. Nambala yoyamba ndi latichudi, yachiwiri ndi longichudi. Kamzere kamene kali kutsogolo kwa 13 kamatanthauza kummwera kwa ikweta, ndipo sikoyenera kukasiya pokopera. Mukakasiya, manambala omwewo amaloza malo a m'dziko la Sudan, makilomita oposa 3,000 kumpoto kwa kuno. Komanso lembani manambala onse otsatira kadontho. Manambala awiri okha amakufikitsani pa dera la kilomita imodzi, atatu pa mamita pafupifupi 100, pamene anayi amakufikitsani pa mamita pafupifupi 10, ndiye kuti pakhomo penipeni.

Pa mapu a 1:50,000 palinso timabokosi ta masentimita awiri mbali zonse, kalikonse koimira kilomita imodzi uku ndi uku, omwe ndi mahekitala 100. Mizere ya timabokosiyi ili ndi manambala m'mphepete mwa pepala. Potchula bokosi timayamba ndi nambala ya kumunsi, yowerengedwa kuchokera kumanzere kupita kumanja, kenako ya m'mbali, yowerengedwa kuchokera pansi kupita m'mwamba.

Malire ndi nkhani ya minda

Malire ndi mzere umene umalekanitsa dera lina ndi linzake, ndipo pa mapu amajambulidwa ndi timizere todukaduka. Alipo malire a dziko, a boma, a mfumu yaikulu, a dera la phungu wa Nyumba ya Malamulo, a parishi, ndi a munda. Malire onsewa sayenda pamodzi. Namitete ali m'dera la Mfumu Kalolo kufupi ndi malire a maboma a Lilongwe ndi Mchinji, ndipo chipatala cha St Gabriel chimalandira odwala ochokera mbali zonse ziwiri. Ku Nambuma nako ndi kumene Lilongwe amayandikana ndi Dowa. Malire ena amasintha. Madera a aphungu anali 193, koma atawagawanso anafika 229 pa chisankho cha mu 2025.

Dera la kumadzulo kwa Lilongwe lili ndi mbiri yapadera pa nkhani ya malire a minda. Mu 1967 boma linakhazikitsa malamulo olola kulembetsa malo a makolo, ndipo mu 1968 inayamba ntchito ya chitukuko cha zaulimi ya Lilongwe Land Development Programme ndi thandizo la World Bank. Pa ntchitoyi minda ya m'madera ambiri a kuno inayezedwa ndi kulembedwa m'kaundula ngati malo a banja, m'dzina la mtsogoleri woimira banjalo. Dongosolo limeneli ndi lija anthu amalitchula kuti ndunda. Papita zaka zoposa 50 chiyambire ntchitoyi. Ambiri mwa amene anaona malirewo akuikidwa anatisiya, mabanja akula, ndipo zidzukulu zatsala ndi mapepala amene si onse angathe kuwawerenga.

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a malo, amene anakonzedwanso mu 2022. Malamulowa amapereka mwayi wolembetsa malo a makolo kudzera m'makomiti a malo a m'midzi, ndipo kulembetsako kumayendera pulani yoonetsa malire. Pamwamba pa izi, kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia inalengeza mu 2022 kuti miyala ya rutile imene inapezeka ku Kasiya ndi yochuluka kuposa kwina kulikonse pa dziko lapansi. Ntchito zikuluzikulu zotere, kaya ndi mgodi, msewu kapena mizere ya magetsi, zimafotokozedwa kwa anthu pogwiritsa ntchito mapu. Pa msonkhano wotero, munthu wodziwa kufunsa kuti kumpoto ndi kuti, sikelo ndi yotani, ndipo mudzi wake uli mkati kapena kunja kwa mzere wojambulidwawo, amabwerera kunyumba atamvetsa chimene chagwirizanidwa. Wosadziwa amasayina zimene sanazione.

Zizindikiro za konkire kapena zachitsulo zimene oyeza malo amazika m'makona a malo ndi zotetezedwa ndi lamulo, ndipo kuzizula kapena kuzisuntha ndi mlandu. Buku la Deuteronomo, mutu 19 ndime 14, limaletsanso kusuntha malire a mnansi. Malo a matchalitchi, masukulu ndi manda nawonso amafunika kukhala ndi malire odziwika ndi olembedwa, kuti m'badwo wa mawa usadzakanganirane zimene makolo anapereka mwaufulu.

Zimene tingachite m'miphakati mwathu

Mphakati uliwonse ungathe kujambula mapu akeake pa pepala lalikulu limodzi. Yambani ndi kamuvi koloza kumpoto. Jambulani msewu waukulu, mtsinje kapena dambo, kenako tchalitchi, sukulu, chipatala, mijigo ndi midzi. Yezani mitunda ndi mapazi kapena ndi foni, lembani kiyi m'mphepete, ndipo musaiwale tsiku ndi chaka. Onetsaninso milatho ndi malo amene sadutsika mvula ikagwa. Pa ntchitoyi itanani achikulire odziwa mayina akale a madambo ndi zitunda, pamodzi ndi achinyamata odziwa foni. Pepala limodzi likhale kwa mkatekisiti, lina lipite ku ofesi ya parishi.

Polondolera mlendo pa foni, tchulani zinthu mwa dongosolo ili: boma, mfumu yaikulu, mudzi, malo odziwika oyambirapo, mbali yolowera, ndi mtunda m'makilomita. Mwachitsanzo: "Kuchokera pa mphambano ya pa msika, lowerani kumpoto makilomita atatu, muwoloke mlatho umodzi, nyumba yake ili kum'mawa kwa sukulu." Mawu ochepa oterewa angafupikitse nthawi imene mayi woyembekezera akudikira galimoto, kapena imene wodwala kwambiri akudikira bambo mfumu.

Tikupempha akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati kuti apatule Lamulungu limodzi, mapemphero atatha, atuluke panja ndi akhristu awo n'kufunsana funso losavuta ili: kodi khomo la tchalitchi chathu layang'ana mbali iti? Mukagwirizana yankho, ntchito yojambula mapu a dera lanu yayambika.